Zilumba zili ndi agulugufe awoawo chifukwa nyanja inawatsekera njira

Achemwali, mwafunsa kuti gulugufe poti ali ndi mapiko, zikutheka bwanji kuti mtundu wina uzipezeka pachilumba chimodzi chokha. Mapikowo n'ngoyendera maluwa. Agulugufe ambiri nyanja yamchere sangaiwoloke mwakufuna kwawo, amene amafika kutsidya ndi mmodzimmodzi wotengedwa ndi namondwe. Wamkazi akapeza chomera choti mbozi zake zidye, mbumba yayambika. Abale akumtunda sakumana nawonso, amangokwatirana okhaokha mibadwomibadwo mpaka maonekedwe ndi magazi omwe n'kusintha. Mbuna za m'nyanja yathu zinateronso: za ku Likoma n'zosiyana ndi za kuchilumba cha Thumbi chifukwa sizikonda kuchoka pamiyala pawo.

Amene amandigometsa kwambiri ine ndi Papilio dardanus, yemwe ngakhale kuno ku Malawi alipo. Kumtunda kuno wamkazi alibe timichira takumapiko, ndipo anatengera mawanga a agulugufe owawa amene mbalame zikawalawa kamodzi sizibwerezanso. Ndiye amapulumukira pa nkhope ya mwini. Ku Madagascar, makilomita pafupifupi 400 kuchokera kugombe la Mozambique, wamkaziyo sanamizira aliyense. Ndi wachikasu, wa timichira, kufanana ndi mwamuna wake. Mtundu umodzi, koma nyanja inaulekanitsa.

Alfred Russel Wallace, katswiri wofufuza zachilengedwe amene anayenda m'zilumba za Indonesia kuyambira 1854 mpaka 1862, anaonanso kuti agulugufe a ku Sulawesi ali ndi mapiko aakulu ndi osongoka kuposa abale awo a zilumba zoyandikana.

Za chakudya ife a ku Kasungu sitifunika kuuzidwa. Tikapita kokatola matondo timalunjika pa mitondo, osati mtengo uliwonse. Gulugufe wamkulu kuposa onse padziko, Ornithoptera alexandrae, n'chimodzimodzi. Wamkazi akatambasula mapiko amafika masentimita 25 kapena kuposerapo, koma mbozi yake imadya masamba a chomera china choyanga, chapoizoni, ndipo poizoniyo ndiye amaiteteza. Amapezeka m'chigawo cha Oro chokha ku Papua New Guinea. Phiri la Lamington litaphulika mu 1951 linawononga nkhalango yake yambiri, ndipo yotsalayo ikudulidwa kuti pabzalidwe migwalangwa ya mafuta. Zimandipweteka mtima, chifukwa iyeyu kwina kothawira alibe.