Ndikakwirira zinyalala kuseri kwa nyumba, ziwola liti?

FUNSO: Zikomo achemwali, ine ndimakhala ku Mufakose, kwathu kuno galimoto yotola zinyalala pena imatha masabata osaoneka ndiye ndinakumba dzenje kuseri kwa nyumba ndimangoponyamo zonse, makoko a nthochi, majumbo, mabotolo a zakumwa ngakhale mapampasi a mwana. Likadzadza ndikufuna ndikwirire ndidzalepo repu ndi tomato. Kodi zitenga nthawi yaitali bwanji kuti zisanduke manyowa?
Mayi a ku Mufakose

YANKHO: Mayi, poyamba ndikuthokozeni kuti simukutaya m'ngalande, chifukwa zam'ngalande za kwanuko mvula ikagwa zimatsikira mu mtsinje wa Marimba kenako ku nyanja ya Chivero komwe timamwa tonse mu Harare muno. Koma dzenje limenelo momwe mwalisakanizira chonde musadzalepo ndiwo.

Chinthu chimawola chifukwa pali zochidya, tizilombo ta m'nthaka, nyongolotsi, chiswe. Makoko a nthochi, masamba, mkute, mapepala ndi makatoni izi zimatha m'masabata kapena miyezi yochepa makamaka nthawi yadzinja nthaka ili yonyowa, zitsononkho zimachedwerako pang'ono koma nazo zimatha. Pulasitiki nde ayi. Botolo la chakumwa akatswiri amayerekeza zaka 450, chitini cha aluminiyamu zaka 200, galasi lokha ndi zaka masauzande. Za pulasitikizi ndi zoyerekeza poti anayamba kuchuluka cha m'ma 1950 momwemu, palibe amene analiona botolo likutha. Jumbo ikakhala padzuwa imangofumbutuka kukhala tizidutswa tosakanikirana ndi dothi, ikakwiririka nde basi, mudzabwera ndi khasu patapita zaka khumi mudzaitulutsa yathunthu zilembo za shopu zikuwerengeka bwinobwino, mizu ya tomato itapindikira pamwamba pake. Nchifukwa chake boma la Zimbabwe linaletsa majumbo opyapyala mu 2010, ndi kaylite yoikamo zakudya ija mu 2017.

Chomwe chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata mwanu ndi mapampasi. Kunja kwake ndi pulasitiki, mkatimo muli mankhwala oyamwa madzi aja amafufuma ngati phala, nawonso amawerengedwa zaka mazana, komanso amapita m'dzenje ali ndi chimbudzi cha mwana pomwe makomo ambiri masiku ano akudalira zitsime zokumba pabwalo, mvula ikalowa pansi zonsezo zimakakumana kumadzi. Kolera ya 2018 inavuta kwambiri ku Glen View ndi Budiriro, pafupi ndi kwanu pomwepo, sitikufuna kuonanso zimenezo. Chimbudzicho muzikokolera m'toileti, pampasiyo mangani m'thumba lake idikire galimoto, ndipo ngati madzi alipo matewera ansalu masana amathandiza kuchepetsa mulu.

Ena akuuzani kuti ingotenthani, musavomere. Utsi wa pulasitiki ndi poizoni pachifuwa cha mwana, amene anapuma utsi wa ku Pomona dzala lija litayaka mu 2020 akukumbuka.

Ndiye kumbani dzenje lina la zowola zokhazokha, muzithirako dothi pang'ono ndi masamba ouma pamwamba, timadzi totsukira ndiwo, muzitembenuza apo ndi apo, pakatha miyezi itatu kapena inayi mupeza dothi lakuda losanunkha loti repu wanu asangalale. Mabotolo ndi zitini sungani m'saka padera, anyamata otolera aja amakagulitsa pa sikelo, akamadutsa apatseni.