Chifukwa chake Florence Lawrence ankatchedwa "Biograph Girl"

Mwafunsa chifukwa chimene Florence Lawrence ankadziwikira ndi dzina loti "Biograph Girl" m'malo mwa dzina lake. Mayiyu, yemwe anabadwira ku Hamilton m'dziko la Canada mu 1886, anayamba ntchito yochita zisudzo kukampani yopanga mafilimu ya Biograph mu 1908, nthawi imene eni makampani ankabisa mayina a ochita zisudzo m'mafilimu opanda mawu, poopa kuti akatchuka adzafuna malipiro ochuluka. Choncho anthu oonera mafilimu, posadziwa dzina lake, ankangomutchula ndi dzina la kampaniyo kuti "Biograph Girl", kutanthauza mtsikana wa ku Biograph.

Zinthu zinasintha mu 1910 pamene Carl Laemmle, yemwe anamulemba ntchito kukampani yake yopanga mafilimu ya IMP, anafalitsa mphekesera yoti mayiyu wafa pangozi, kenako n'kukamuonetsa wamoyo kugulu la anthu ku St. Louis. Chimene chimandipweteka n'chakuti atadzipha mu 1938, manda ake anakhala opanda chipilala mpaka 1991.