Funsani za Njinga: Kugula Yoyenera, Makilomita 100 Oyamba ndi Mawondo Owawa

Makalata a mwezi uno achokera kwa anthu amene amapalasa njinga chifukwa choikonda, osati chifukwa chosowa ndalama ya minibasi. Tasankhapo asanu.

Ndasunga kandalama koti ndigule njinga yolimbitsira thupi Loweruka ndi Lamlungu. Anzanga ena akuti ndigule ya mpikisano ya matayala oonda ija, ena akuti mountain bike, ya matayala onenepa ija. Ndimvere ati?
*Wowerenga wa ku Area 25, Lilongwe*

Musanamvere aliyense, tayang'anani msewu wochoka pakhomo panu kukafika pa tala. Ngati muli fumbi, miyala ndi maenje, ya mpikisano ikuvutitsani. Matayala ake amakhala a mamilimita 23 mpaka 28 m'lifupi ndipo amafuna msewu wosalala. Kuno ngakhale pa tala pomwe, lole ikakupanikizani mumayenera kutsikira m'mbali, ndipo m'mbalimo nthawi zambiri mumakhala mokumbika.

Kwa munthu woyamba kumene, ife timasankha mountain bike yopanda sipuling'i kumbuyo. Zotsika mtengo zokhala ndi sipuling'i kutsogolo ndi kumbuyo komwe zimaoneka zapamwamba m'sitolo, koma n'zolemera, zimamwa mphamvu yanu mukamapalasa, ndipo polumikizira pake sipachedwa kugwedera. Mukaona kuti mumayenda kwambiri pa tala, chotsani matayala a zigoba zikuluzikulu aja muike osalala a mainchesi 1.5 kapena 1.75. Njinga yomweyo idzathamanga mosiyaniratu. Njinga zolimba za mtundu wa Buffalo n'zabwino pa ntchito yake, poti zimanyamula makilogalamu 100 kumbuyo, koma zimalemera makilogalamu oposa 20 ndipo zambiri zili ndi giya imodzi. Mungayambirepo ngati ndi imene muli nayo, koma pa chitunda chachitali mudzatsika.

Ganiziraninso za zipangizo. Matayala ndi machubu a mainchesi 26 mumawapeza pafupifupi pamsika uliwonse, pamene a 27.5 ndi 29 muyenera kuwafuna m'tauni. Samalani ndi nambala 28. Tayala la 28 la njinga zakuda za akabaza zija silikwana pa limu la 700C la njinga za mpikisano, ngakhale kuti ena amalitchulanso limuli kuti 28. Werengani manambala ang'onoang'ono a m'mbali mwa tayala: 635 ndi la njinga zakudazo, 622 ndi la 700C ndi 29, 584 ndi la 27.5, ndipo 559 ndi la 26. Nambala imeneyi ikasiyana, musagule.

Njinga za kaunjika zambiri zimaposa zatsopano zotchipa, bola muzifufuze modekha. Yang'anani mowotcherera monse mwa felemu ngati muli mng'alu, makamaka kuseri kwa khosi la njinga. Penti yokwinyika pamenepo imasonyeza kuti njingayo inawombapo chinthu. Felemu la chitsulo owotcherera wamba angathe kulikonza, koma la aluminiyamu likang'aluka lisiyeni. Nyamulani njinga muzungulitse tayala lililonse, muone ngati limu likupotoka. Gwirani buleki yakutsogolo, kenako kankhirani njinga kutsogolo ndi kumbuyo. Ikamamveka gwedegwede, mabelingi a m'khosi atha kapena amasuka. Gwedezaninso mwendo wa pedulo cham'mbali. Masulani chitsulo cha chishalo muone ngati chikukwera ndi kutsika, chifukwa chikamatirira ndi dzimbiri simudzathanso kusintha msinkhu. Pomaliza funsani lisiti, ndipo lembani nambala ya felemu imene imakhala kunsi, pakati pa mapedulo. Njinga zobedwa zimagulitsidwanso m'misika momwemo.

Koposa zonsezi, ikhale ya msinkhu wanu. Imirirani njinga ili pakati pa miyendo, mapazi onse ali pansi. Pakati pa thupi lanu ndi chitsulo chapamwamba patsale masentimita 5 kapena kuposa pa mountain bike, ndipo 2 mpaka 5 pa ya mpikisano. Njinga yaikulu kwambiri siikonzeka, ngakhale wogulitsa atakutsitsirani mtengo bwanji.

Panopa ndimakwanitsa makilomita 20 osapuma. Ndikufuna kupalasa kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Salima tsiku limodzi. Zingatheke, nanga ndikonzekere bwanji?
*Mphunzitsi wa ku Kanengo*

Zingatheke, aphunzitsi, ndipo mwasankha msewu wabwino. Ulendowu ndi wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, ndipo mumachoka pamalo okwera mamita oposa 1,000 kutsikira ku mamita pafupifupi 500. Musanyengeke nazo, komabe. Cha ku Chezi ndi ku Mvera kuli zitunda zokwera ndi kutsika zimene zimamaliza miyendo ya munthu amene anayamba ndi liwiro.

Dzipatseni masabata 12. Sabata iliyonse muzipalasa katatu: kawiri mkati mwa sabata kwa mphindi 45 mpaka ola limodzi, ndi ulendo umodzi wautali kumapeto. Ulendo wautaliwo uzikula motere: makilomita 25, 30, 35, kenako bwererani pa 25. Mukatero 40, 48, 55, n'kubwerera pa 35. Kenako 62, 70, 78, ndipo sabata yomaliza musapitirire 40. Sabata zobwerera m'mbuyozo musazidumphe poganiza kuti n'kutaya nthawi, chifukwa thupi limalimba pamene likupuma. Simufunika kuyeserera makilomita 100 onse tsikulo lisanafike. Amene wakwanitsa 78 n'kudzuka bwinobwino mawa lake akhoza kufika ku Salima.

Liwiro likhale loti mukhoza kucheza ndi mnzanu osabanika. Oyamba kumene ambiri amakonda giya yolemera poganiza kuti ndiyo ikulimbitsa thupi, koma imeneyo imatopetsa minofu msanga ndi kupweteka mawondo. Sankhani giya yopepuka kuti mapedulo azizungulira maulendo 80 mpaka 90 pa mphindi. Kuti mudziwe, werengani kuti bondo lakumanja lakwera kangati m'masekondi 15. Likhale pakati pa 20 ndi 22.

Pa liwiro la makilomita 18 mpaka 20 pa ola, mudzakhala pa chishalo maola 5 kapena 6, osawerengera zopuma. Pa nthawi yotalika chonchi chakudya ndiye nkhani yaikulu. Shuga amene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi amatha pakadutsa ola limodzi ndi theka kapena awiri mukugwira ntchito yolimba. Akatha, miyendo imangoti lefu, mutu umazungulira, ndipo kachitunda kakang'ono kamakukanikani. Choncho yambani kudya ola loyamba lisanathe, njala isanabwere. Pa ola lililonse idyani nthochi imodzi kapena ziwiri, kapena mbatata yophika, chitumbuwa, kaya buledi wopaka uchi. Nsima yambiri ndi nyama pakati pa ulendo ayi, idzakulemerani m'mimba. Imeneyo mukadye ku Salima. Madzi muzimwa pang'onopang'ono, theka la lita mpaka mamililita 750 pa ola. M'botolo limodzi sungunulani masipuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere pa lita imodzi ya madzi aukhondo, kuti mubwezere mchere wotuluka ndi thukuta. Zakudya zonsezi muziyesere pa maulendo okonzekera aja, osati kuziyamba tsiku lomwelo.

Nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka August. Mu October ndi November ku Salima kumatentha moti ulendowu ukhoza kukhala woopsa. M'miyezi yozizirayi mwera umawomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa, ndipo inu mukulowera kum'mawa, ndiye nyamukani kukangocha mphepo isanakule. Valani zowala ndi chipewa cholimba choteteza mutu, yendani kumanzere, ndipo ngati muli awiri kapena atatu muzindondozana, osati kuyenda mogundizana mapewa. Ngati muli ndi BP, matenda a shuga, kapena munamvapo kupweteka pachifuwa mukagwira ntchito, kaonaneni ndi adokotala musanayambe. Mukangochira malungo, musathamangire kubwerera pa makilomita amene munasiyira.

Ndikapalasa kupitirira ola limodzi mawondo amandiwawa kutsogolo kwake, pokhalira pamapweteka, ndipo zala zimachita dzanzi. Kodi njinga si ya amayi a msinkhu wanga? Ndili ndi zaka 46.
*Mayi wa ku Katoto, Mzuzu*

Mayi, zaka zanu zilibe mlandu. Zonse zitatu mwatchulazi kawirikawiri zimachokera pa mmene njinga yaikidwira, ndipo zambiri zimakonzeka ndi sipanala.

Bondo lowawa kutsogolo kawirikawiri limasonyeza kuti chishalo chatsika kwambiri. Ambiri amachitsitsa kuti mapazi azifika pansi ali chikhalire, koma potero bondo limapindika mopitirira muyeso nthawi iliyonse akaponda. Tsamirani khoma muli pa njinga, tsitsani pedulo imodzi mpaka pansi penipeni, muikepo chidendene. Mwendo uwongoke ndithu popanda kupendeketsa chiuno. Mukabwezera phazi kuti muponde ndi kutsogolo kwake, paja pamayambira zala, bondo lidzakhala lopindika pang'ono chabe, ndipo mpamene pali pabwino. Okonda tepi angayeze mwendo kuchokera pansi kufika mphechepeche, n'kuchulukitsa ndi 0.883. Yankho lake ndi mtunda wochoka pakati pa chitsulo chozungulirapo mapedulo kufika pamwamba pa chishalo. Mwendo wa masentimita 78 umafuna pafupifupi masentimita 69. Kwezani pang'onopang'ono, theka la sentimita pa ulendo uliwonse. Ululu ukasamukira kuseri kwa bondo, mwakweza kwambiri. Pa chitsulo cha chishalo pali mzere wosonyeza polekezera. Musachitulutse kupitirira pamenepo, chingathyole felemu.

Za pokhalira, chishalo chofewa kwambiri chimapusitsa. Pa mphindi khumi chimakoma, koma pa ola limodzi thupi limamira ndipo siponji imakanikiza minofu yofewa m'malo moti kulemera kukhale pa mafupa awiri okhalira aja. Funani cholimbirako, chotambalala mokwanira mafupawo. Amayi ambiri amafuna chotambalala pang'ono kuposa abambo. Chikhale chopingasa bwino, mphuno yake isaloze kumwamba. Pewani zovala za msoko wokhuthala pakati, ndipo muziimirira pa mapedulo kwa masekondi angapo mphindi 15 zilizonse. Masabata awiri kapena atatu oyamba kuwawa pang'ono kumakhalapo ndithu, kenako kumatha. Dzanzi kapena zilonda pamenepo si zoti muzolowere, sinthani chishalo.

Zala zimachita dzanzi chifukwa thupi lonse latsamira pa manja. Onani ngati mphuno ya chishalo yaweramira pansi n'kumakutsetserezerani kutsogolo, kwezani mahandulo pang'ono, ndipo zigongono zikhale zopindika, osati zowuma.

Tayala langa lakumbuyo laphwa katatu mwezi uno. Nthawi zonse pa chubu pamakhala timabowo tiwiri toyandikana, koma munga sindiupeza.
*Wowerenga wa ku Kasungu*

Munga simuupeza chifukwa palibe. Timabowo tiwiri tokhala ngati polumidwa ndi njoka timabwera mpweya ukachepa: mukagunda dzenje kapena mwala, chubu chimapanikizika pakati pa limu ndi chinthucho. Popani mokwanira. Pa tayala la mountain bike la mainchesi 2, munthu wa thupi lapakatikati amafuna 35 mpaka 40 psi (muyezo wa mpweya m'tayala) kumbuyo. Malire ake alembedwa m'mbali mwa tayala. Machubu amataya mpweya okha pang'onopang'ono, ndiye yesani sabata iliyonse. Mukaona dzenje loti simungalipewe, nyamukani pa chishalo.

Bowo likakhala limodzi kumbali yoyang'ana limu, vuto ndi lamba wophimba mitu ya masipoko. Pomata, palani chubu ndi sandipepa, pakani sulushoni wochepa, mudikire mphindi 5 kuti aume kaye musanaike chigamba. Zigamba zambiri zimamatuka chifukwa choika sulushoni akadali wamadzi.

Ndimapaka tcheni oyilo wakuda wochotsedwa m'galimoto, koma chayamba kudumpha ndikaponda mwamphamvu pokwera phiri la Zomba. Potsika mabuleki amanunkha. Ndichite chiyani?
*Wophunzira wa ku Chikanda, Zomba*

Oyilo wakudayo musiyeni, achimwene. Ali kale ndi tizitsulo ndi mwaye, ndipo akasakanikirana ndi fumbi amapala tcheni ndi mano a magiya. Tsukani tcheni ndi palafini ndi mswachi wakale, chiume, kenako donthezani dontho limodzi la oyilo woyera pa mfundo iliyonse. Zungulitsani mapedulo chakumbuyo kangapo, mupukute kunja konse ndi kansanza. Oyilo amafunika mkati mwa mfundo. Wotsalira kunja amangoitana fumbi.

Kudumphako kukusonyeza kuti tcheni chatha. Yezani ndi tepi kuchokera pakati pa kamsomali kamodzi ka tcheni. Pa tcheni chatsopano, kamsomali ka nambala 24 kuchokera pamenepo kamagwera ndendende pa mainchesi 12, amene ndi masentimita 30.5. Mukapeza kuti kapitirira ndi milimita imodzi ndi theka, gulani tcheni china. Kakapitirira ndi mamilimita 3, mano akumbuyo athanso, ndipo tcheni chatsopano chidzadumphabe mpaka mutasintha zonse ziwiri. Pogula, werengani kuti kumbuyo kuli magiya angati, chifukwa tcheni cha magiya 7 sichigwira bwino pa 9.

Nkhani ya mabuleki ndiyo yatidetsa nkhawa kwambiri. Msewu wotsika kuchokera ku Ku Chawe ndi wautali komanso wokhotakhota. Mukagwira mabuleki osalekeza kuchokera pamwamba mpaka pansi, limu limatentha, labala amafewa n'kusiya kugwira, ndipo chubu chikhoza kuphulika muli pa liwiro. Gwirani mwamphamvu kwa masekondi ochepa musanafike pokhota, kenako tayani kuti limu lizizire. Gwiritsani ntchito mabuleki onse awiri. Yakutsogolo ndiyo imaimitsa njinga kwambiri, choncho muziifinya pang'onopang'ono, thupi mutalikokera kumbuyo kwa chishalo. Mukamva fungo, imani pambali mudikire limu lizizire. Tsiku la chiperoni limu likanyowa, mabuleki amachedwa kugwira, ndiye yambani kufinya kutali. Musanakwerenso phirilo, yang'anani malabala: timizere take tikafufutika asintheni, ndipo onetsetsani kuti akugunda limu lokha, osakhudza tayala. Waya wa buleki amene wayamba kuthothoka tinsambo, ngakhale kamodzi kokha, achoke lero lomwe.