Funsani Amakaniko: Mabuleki onse awiri pa leva imodzi

Funso: Ndimayendetsa kabaza ya Boxer, koma mwendo wanga wakumanja ndi wofooka moti buleki yakumbuyo sindiponda bwino. Kodi ndingamangirire mawaya a mabuleki onse pa leva yakumanja? Wowerenga wa ku Chibavi

Yankho: Bambo, n'zotheka, koma musangomangirira mawaya awiriwo pa leva. Mashuzi a mabuleki (zofinya dilamu ya tayala) akutsogolo ndi akumbuyo satha mofanana, ndiye pakapita masabata waya umodzi umakungika, wina umalendewera, ndipo buleki imodzi yokha ndiyo imagwira inu osadziwa.

Pamafunika kachitsulo kogawa mphamvu kokhala ndi mabowo atatu. Waya wochokera ku leva umakoka pa bowo lapakati, ndipo mawaya a mabuleki amalowa m'mabowo a kunsonga. Bowo lapakatilo likakhala pa mamilimita 20 kuchokera ku waya wakutsogolo ndi 40 kuchokera ku wakumbuyo, kutsogolo kumalandira magawo awiri mwa atatu a mphamvu ya dzanja lanu. Tikufuna zimenezi chifukwa mukamaima kulemera kumathamangira kutsogolo, tayala lakumbuyo limapepuka n'kukhala losavuta kutsetsereka. Ikaninso chotchinga kuti waya umodzi ukaduka kachitsuloko kasapendeke mpaka kutaya winawo. Ndodo ya buleki yakumbuyo ichotsedwe, palowe waya wokhala ndi pokhazikika polimba.

Vuto lake n'lakuti mphamvu ya zala zinayi yagawidwa pawiri, ndipo mabuleki a dilamu amafuna kukoka kwambiri. Mutanyamula munthu ndi thumba la chimanga pa mtsetse wopita ku Nkhata Bay, dzanja lidzalema. Ife tikadakonda kuti muike leva yachiwiri pa chiwongolero, ya buleki yakumbuyo yokha, kuti imodzi ikakanika ina ikhalepo.

Funso: Njinga yomwe ndikupanga ili ndi disiki kutsogolo ndi kumbuyo. Ndalumikiza mapaipi onse ku master cylinder imodzi (pampu ya pa leva yokankha mafuta a mabuleki), koma leva ikufika mpaka pa chogwirira. Ndalakwa pati? Makaniko wa ku Luwinga

Yankho: Achimwene, yambani ndi mpweya. Paipi yopita kumbuyo ndi yaitali ndipo imabisa mpweya pamene yapindikira m'mwamba. Tulutsani kuyambira pa kalipa (chofinya disiki) yakutali, ndipo pa banjo iliyonse (polumikizira paipi ndi bawuti) muike mawashala akopa atsopano, chifukwa akale amadontha.

Ngati leva ikadali yofewa, pisitoni ya master cylinder yachepa. Inapangidwira kalipa imodzi, inu mukuipatsa ziwiri. Pisitoni ya mamilimita 12.7 ili ndi nkhope ya masikweya milimita pafupifupi 127, ya 14 ili ndi 154, choncho yaikuluyo imakankha mafuta ochulukirapo. Koma pamenepo dzanja liyenera kufinya mwamphamvu kuti njinga iime chimodzimodzi. Mukadumphira pa 16, leva imauma ngati thabwa koma njinga osaima. Kwerani pang'onopang'ono. Mapaipi arabala akale amafufumanso, ndiye olukidwa ndi waya ndi abwino.

Chachikulu simunachifunse. Kalumikizidwe kanuka kamatumiza mphamvu yofanana ku matayala onse, ndipo lakumbuyo likhoza kumangika msanga. Pa paipi yakumbuyo pakhale proportioning valve yochepetsa mphamvuyo buleki ikafinyidwa kwambiri. Chinanso, paipi imodzi ikaphulika mwataya mabuleki onse nthawi imodzi. Makampani salola zimenezi. Moto Guzzi, m'zaka za m'ma 1970, inalumikiza chopondera ku disiki yakumbuyo ndi disiki imodzi yakutsogolo, n'kusiya leva ikugwira disiki yachiwiri yakutsogolo payokha. Ku India mu 2019 njinga zatsopano za 125cc kutsika pansi zinakakamizidwa kukhala ndi mabuleki olumikizana kapena ABS (makina oletsa matayala kumangika), komabe zinkabwera ndi leva ndi chopondera. Ngati muli ndi disiki imodzi kutsogolo, mangani kalipa yachiwiri kumbuyo yokhala ndi chopondera chake. Musanalowe nayo pamsewu, kaonaneni ndi a Road Traffic.

Funso: Ndidziwa bwanji kuti mabuleki olumikizanawa achunidwa bwino? Mayi wa ku Katoto

Yankho: Mayi, yesani pamalo opanda magalimoto, pa liwiro la makilomita 20 pa ola, kenako 30 ndi 40, muli nokha komanso mutanyamula munthu. Tayala lakumbuyo likamangika msanga, chepetsani mphamvu yake pang'ono. Koma lakutsogolo lisamayambe kumangika, chifukwa limenelo limagwetsa pomwepo. Bwerezani pa tala wonyowa ndi pamatope, poti mvula ya ku Mzuzu simaphonya, ndipo pamatope mabuleki olumikizana amakulandani mwayi wogwira kumbuyo kokha.

Mafuta a mabuleki asinthidwe zaka ziwiri zilizonse. Mafuta a mtundu wa DOT 3 ndi DOT 4 amayamwa chinyezi, ndipo pa mtsetse wautali ngati wa Chiweta akhoza kuwira, leva n'kungolowa. DOT 5 musasakanize ndi awiriwa.