Musanalipire fizi ku sukulu ya zaluso, funsani za thumba lake

Achimwene ndi achemwali amene mwangofika kuno ku America kuchokera kwathu ku Blantyre, ndipo mtima wanu uli pa kujambula, kusema kapena kuumba, ndikufuna tikambirane za ndalama za sukulu zimene mukuzisirirazo.

Sukulu zambiri za kuno zili ndi endowment, thumba la ndalama zimene anthu olemera ndi ophunzira akale anapereka. Thumbalo salidya lonse. Amaliika m'mabizinesi kuti liziswana, ndipo pachaka amatapako pafupifupi madola 4 kapena 5 pa 100 alionse. Zili ngati bambo wa nyumba za lendi ku Chilomoni amene amadya lendi koma nyumba sagulitsa.

Musaganize kuti thumba likakula ndiye kuti aphunzitsi nawo ndi akatswiri. Yunivesite ya Yale ili ndi madola oposa 40 biliyoni, koma zambiri mwa ndalama zotere woperekayo amaneneratu ntchito yake. Mu 2021 munthu wina wolemera, David Geffen, anapereka madola 150 miliyoni kuti ophunzira zisudzo ku Yale asamalipire fizi, ndipo ndalamazo sizingagulire utoto munthu wojambula. Hunter College ku New York ndi ya boma, thumba lake ndi laling'ono poyerekeza, komabe maphunziro ake a zojambula amalemekezedwa kwambiri.

Chimene thumba limakuuzani ndi choti sukuluyo ingapirire chaka cha njala kapena ayi, ndipo kwa ife obwera apa ndi pamene pagona nkhani. San Francisco Art Institute inayamba mu 1871, inali ndi chithunzi cha Diego Rivera, wojambula wotchuka wa ku Mexico, pakhoma lake, koma inatsekedwa mu 2022. University of the Arts ku Philadelphia inatseka mu June 2024, ophunzira atauzidwa kutangotsala pafupifupi sabata imodzi. Mwana wa kuno zikatero amabwerera kwa makolo ake kukaganiza bwino. Inu viza yanu ya ophunzira, ya F-1, yamangika pa I-20, chikalata chimene sukuluyo inakupatsani, ndiye muyenera kupeza sukulu ina msangamsanga, lendi ikukudikirani, abale ku Ndirande atasonkha kale zonse zimene anali nazo. Zimenezi zimandiwawa kwambiri.

Ngakhale yolemera imatha kupunthwa. Sukulu ya Cooper Union ku New York, mwini wake wa malo amene pali nyumba yaitali yotchuka ya Chrysler Building, inkaphunzitsa ulere kwa zaka zambirimbiri, koma mu 2014 inayamba kulipiritsa itakongola ndalama zomangira nyumba yatsopano.

Choncho funsani kukula kwa thumba, mugawe ndi chiwerengero cha ophunzira. Sukulu zosachita phindu zimalemba chuma chawo pa Form 990, fomu yopita ku bungwe la misonkho, ndipo imapezeka pa intaneti. Thandizo la boma la America silifika kwa wa F-1, ntchito nayo amakulolani maola 20 okha pasabata pasukulu pomwepo teremu ili mkati, ndiye sikolashipu ailembe papepala kuti ndi ya zaka zonse, osati chaka choyamba chokha.

Za ubwino wa maphunziro, pitani mukaone nokha madzulo. Lowani mu situdiyo muone ngati ng'anjo yowotchera mbiya ikuyaka, ngati aliyense ali ndi khoma lake lopachikapo ntchito, kapena akuphangirana tebulo limodzi. Mukapeza wophunzira wa chaka chachiwiri akutsuka mabulashi, mufunseni kuti mphunzitsi wake amaima kangati pamwezi kutsogolo kwa chithunzi chake, komanso ngati aphunzitsiwo ndi okhazikika kapena aganyu amene amasintha teremu iliyonse.