Tenti Imeneyo Musaitumize Yokha Ngati Thumba la Chimanga

Mayi wina wa ku Chitakale wandilembera imelo. Wagula tenti yaikulu yozungulira, ya mtundu wa ku Mongolia, kwa anthu amene akutseka malo ogona alendo ku Nkhata Bay, ndipo akufuna kukaiimika ku Likhubula kuti okwera phiri la Mulanje azigonamo. Akuti pali dalaivala wa lole yobwera kuno amene walonjeza kuwanyamulira motchipa. Avomere?

Achemwali, nditangofika pa mawu akuti "motchipa" ndinaika foni pansi, chifukwa munandikanda pachilonda.

Chaka chimene mlongo wanga ankakwatiwa ku Kasungu, ine ndinadzitama pamaso pa amalume kuti nkhani ya tenti andisiyire. Ndinabwereka tenti ya zitsulo kuno kwathu ku Luchenza, n'kupeza mnyamata wa lole amene ankapita chakumpoto. Tinapakira Lachinayi m'mawa: chinsalu, mapaipi, zingwe, ndi thumba limodzi la zikhomo ndi tizitsulo tolumikizira mapaipiwo. Ine ndinakwera basi ndi suti yanga, mtima uli m'malo.

Sindinadziwe kuti mnzangayo akaima pa Bvumbwe n'kudzaza nthochi ndi kabichi pamwamba pa katundu wanga. Lachisanu foni yake osapezeka. Anatulukira Loweruka dzuwa litakwera, anthu ali kale kutchalitchi. Mapaipi awiri anali atapindika, chinsalu chili nomatanomata ndi utomoni wa nthochi. Nanga thumba lija? "Bwana, mwina latsika ndi kabichi ku Lilongwe." Anatero akutafuna nzimbe, osatekeseka n'komwe.

Tenti inagona pansi tsiku lonse ngati ng'ombe yodwala. Akuchimuna tinawakhazika pansi pa mtengo wa mango, ndipo amalume sanandilankhule mpaka tsiku lotsatira. Mpaka lero pamaliro kapena pachinkhoswe, wina akangotchula tenti, onse amatembenukira kwa ine. Mwini tenti ndinamulipira miyezi itatu.

Ndiye ndinene mosapsatira: lole yotchipa si yanu. Ndi ya amene walipira zambiri, ndipo katundu wanu ndi wongokwera matola. Dalaivala sindikumuda, iyenso akusaka ya mafuta. Wopusa ndinali ine.

Komanso yanuyo si tenti ya zitsulo yoti wowotcherera wa pamsika angaikonze. Eni ake ku Mongolia amaitcha ger, ndipo ndi nyumba yeniyeni. Khoma lake ndi timitengo topingasa tomwe timapindika n'kutambasuka, denga ndi mapaso ambirimbiri, ndipo onsewo amakalowa m'mabowo a mkombero wathabwa umene umakhala pansonga, pomwe pamatulukira utsi. Kunja amakutira ndi chinsalu chokhuthala cha ubweya wa nkhosa. Anaipanga kuti iziyenda, inde, kale ankainyamula pa ngamila. Koma ankainyamula okha, akudziwa chilichonse pomwe chili. Phaso likathyoka, kalipentala wa pa Chitakale akusemerani lina. Mkombero uja ukang'aluka, mwatsala ndi mulu wa nkhuni.

Ndipatuke pang'ono. Kodi amene anakugulitsaniwo anakuuzani kuti kwawo kwa tenti imeneyi ndi dziko louma? Kuno ndi ku Mulanje, kumene tiyi amakondwa chifukwa cha mvula, ndipo chiperoni chikabwera mu June kapena July zovala zimatha masiku pachingwe osauma. Ubweya ukamwa madzi umalemera, umanunkha, umachita nkhungu. Ndikanakhala ine ndikanayamba ndamanga pokwera poikapo tentiyo, kuti chinyezi ndi chiswe zisaipeze, n'kupezeratu chinsalu chosalowa madzi chakunja. Alendo okwera ku Sapitwa, mamita 3,002, amatsika atatopa, safuna kugona m'fungo la bulangete lonyowa. Koma izo simunandifunse.

Za ulendowo tsono

Ndi makilomita opitirira 600: msewu wa M5 kudutsa Nkhotakota ndi Salima, kenako M1 kudzera pa Zalewa kufika Blantyre, n'kutenga wa Midima kuchokera ku Limbe. Wa ku Thyolo uli ndi zitunda ndi makona ambiri, katundu amagwedezeka. M5 nayo ili ndi malo okumbika, choncho chilichonse chosamangidwa bwino chidzakhulana ndi chinzake njira yonse. Nyengo ya mvula musayerekeze.

Pa rodibuloko mitengo yambiri chotero imakopa maso, makamaka kuno kumene nkhani yodula mitengo ya mkungudza mozemba ndi yovuta. Tengani kalata yogulira, ndi chithunzi cha tentiyo itaima, kuti musavutike kufotokozera wapolisi kuti imeneyi ndi nyumba.

Pitani nokha ku Nkhata Bay mukaone akuigwetsa, ndipo mujambule ndi foni gawo lililonse. Chinsalu chiume kaye musanachipinde. Werengani mapaso, muwamange m'mitolo, mulembe chiwerengero papepala dalaivala akuona. Yezani utali wa mapaso ndi kukula kwa mkombero musanagwirizane za galimoto. Popakira, chitseko ndi makoma pansi, zinsalu pakati, mkombero pamwamba penipeni mutaukulunga ndi matiresi akale, wina asaukhalire. Mugwirizane kuti galimotoyo ndi yanu yokha, theka la ndalama poyamba, theka mukatsitsa ku Likhubula.

Zingwe ndi tizinthu tating'ono muike m'chikwama chanu, pamiyendo panu, inuyo mutakhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala. Akati aime pa Salima atengeko matumba angapo a mpunga a mlamu wake, mukane.