Msonkho wa pa malipiro sukwirira phindu la bizinesi yanu

Funso: Ndili pa ntchito, ndipo abwana amandidula msonkho mwezi uliwonse ndisanalandire malipiro. Kwa zaka ziwiri tsopano ndakhala ndikusoka zovala madzulo n'kumagulitsa. Anzanga akuti popeza ndimadulidwa kale, palibe chifukwa chodzazira fomu ya msonkho, ndiponso kuti ndikaulula za bizinesi adzandikweza gawo la msonkho, ndizilipira zambiri pa ndalama zanga zonse. Kodi n'zoona?

Yankho: Mayi, anzanuwo akukufunirani zabwino, koma pa mfundo zonse ziwiri akukusocheretsani, ndipo ndikuda nkhawa chifukwa anthu ambiri akhama ngati inu amagwa m'mavuto pa zifukwa zomwezi.

Njira yoti olemba ntchito azidula msonkho malipiro asanaperekedwe, imene m'mayiko ambiri amaitcha PAYE, inakhazikitsidwa ku Britain m'chaka cha 1944 pofuna kuti wantchito azipereka pang'onopang'ono m'malo modikira kumapeto kwa chaka. Abwana anu amawerengera zokhazo zimene iwo akukulipirani, ndipo za makina anu osokera sazidziwa. Msonkho wa pa ndalama zimene munthu wapeza umayang'ana zonse pamodzi, kaya ndi malipiro, phindu la malonda kapena lendi ya nyumba, choncho udindo wouza bungwe lotolera msonkho za ndalama zinazo uli pa mapewa anu.

Mantha a kukwezedwa gawo ndiwo ndikufuna kuwachotsa bwinobwino. M'mayiko ambiri msonkho umenewu umagawidwa m'magawo, ndipo mlingo wokwera umakhudza ndalama zokhazo zimene zadutsa malire a gawolo. Tiyerekeze, mongopereka chitsanzo, kuti 100,000 yoyamba sidulidwa msonkho, yotsatira mpaka 500,000 imadulidwa 20 pa 100 iliyonse, ndipo yoposa pamenepo imadulidwa 30 pa 100 iliyonse. Wopeza 500,000 apereka 80,000. Akawonjezera phindu la 50,000, mlingo wa 30 ugwira 50,000 yokhayo, ndiye kuti msonkho wowonjezera ndi 15,000, ndipo 35,000 ikhala m'thumba mwake. Ndalama zoyamba zija sizisintha ngakhale pang'ono, motero palibe amene amasauka chifukwa chopeza zambiri.

Chinanso chimene ambiri sadziwa n'chakuti msonkho umenewu suwerengeredwa pa ndalama zonse zimene makasitomala akupatsani, koma pa phindu lotsala mutachotsera zimene mwawononga poyendetsa bizinesi, monga nsalu, ulusi, kukonzetsa makina ndi lendi ya malo ogwirira ntchito. Apa m'pamene malisiti amakhala ofunika kwambiri, pakuti chimene simungachionetse ndi umboni a msonkho akhoza kuchikana, inu n'kulipira msonkho pa ndalama zimene sizinali phindu. Dziwaninso kuti zogula za pakhomo siziloledwa kuchotsedwa, n'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti ndalama za bizinesi zikhale ndi kope lake, ndipo ngati n'kotheka, akaunti yakeyake.

Mwina munganene kuti chaka china munaluza. Kudzaza fomu ndi kulipira msonkho ndi zinthu ziwiri zosiyana. Fomu imangofotokoza mmene chaka chayendera, ndipo kawirikawiri munthu wolembetsedwa amayenera kuipereka ngakhale pamene palibe cholipira. Kuluza kumene mwaulula pa fomu, malamulo a mayiko ambiri amalola kuti kudzachotsedwe pa phindu la zaka zotsatira, pomwe wokhala chete amataya mwayi umenewu ndiponso akhoza kupatsidwa chindapusa chifukwa chochedwa.

Pa zaka ziwiri zimene zadutsazi, musadikire kuti akupezeni. Msonkho wosalipidwa umabala chiwongoladzanja, ndipo nthawi zambiri wodziulula yekha amamveredwa bwino kusiyana ndi wogwidwa. Sonkhanitsani malisiti, mapepala a kubanki ndi zikalata za malipiro anu, mulembe zolowa ndi zotuluka za chaka chilichonse padera. Kenako pitani ku ofesi ya msonkho kapena kwa katswiri wowerengera ndalama, mukafunse malire a ndalama zosadulidwa msonkho, tsiku lomaliza kupereka fomu, komanso ngati pali njira yapafupi imene inakonzedwera mabizinesi ang'onoang'ono ngati yanu.